Repo ya munthu wosamudziwa: mmene mungaitengere popanda kugulitsa kompyuta yanu

Mukalemba `git clone`, lamulo la pulogalamu ya Git lokopera repo (foda ya code ya pulojekiti pamodzi ndi mbiri ya zosintha zake), n'kudina Enter, ndiye kuti mwalola munthu wina kulemba mafayilo pa kompyuta yanu. Akakhala mnzanu wa kuntchito, nkhawa ndi yochepa. Koma ma repo ambiri amene olemba mapulogalamu amatenga ndi a anthu amene sanawaonepo ndi maso: ulalo wopezeka pa GitHub, pulojekiti yotumizidwa pa LinkedIn ndi munthu wodzitcha wolemba anthu ntchito, foda yokopera pa flashi ya mnzanu wa m'kalasi. Malangizo awa ndi a nthawi zoterezi. Zonse zagona pa kulekanitsa ntchito zitatu zimene ambiri amazichita ndi mpweya umodzi: kutenga repo, kuiona, ndi kuiyendetsa.

Poyamba dziwani pamene pali moto. Repo iliyonse ili ndi foda yobisika yotchedwa `.git`. M'menemo muli zinthu ziwiri zimene zimatha kuyendetsa malamulo pa kompyuta yanu: foda ya `hooks`, momwe mumakhala timapulogalamu timene Git imatiyendetsa yokha ikachita checkout (kuika mafayilo mu foda yogwirira ntchito), commit (kusunga zosintha) kapena merge (kuphatikiza nthambi), ndi fayilo ya `config`. Amene anapanga Git anaziganizira zimenezi, n'chifukwa chake clone sikopera ma hook kapena config ya mwini repo. Choncho mbava ili ndi njira zitatu zikuluzikulu: kupusitsa Git kuti ilembe yokha m'kati mwa `.git`, kukupatsani `.git` yake kudzera njira ina yosakhala clone, kapena kudikira kuti inuyo muyendetse code yake ndi manja anu.

1. Yambani ndi Git yanuyo

Lembani `git --version`. Zibowo, kutanthauza zolakwika za mu Git zimene mbava imalowerapo, zoyendetsera code panthawi ya clone zakhala zikupezeka mobwerezabwereza, mu 2014, 2017, 2018, 2021, 2024 ndi 2025, ndipo zambiri mwa izo zinadzera ku ma submodule (repo ina yolumikizidwa m'kati mwa repo) ndi ma symlink (kafayilo kongoloza ku fayilo kapena foda ina).

Tiyeni tione chimodzi pafupi, CVE-2024-32002, chimene chinatsekedwa mu Meyi 2024 ndi Git 2.45.1. Pa Windows ndi macOS, nthawi zambiri dzina lakuti `A` ndi lakuti `a` ndi limodzi. Mbava imaika mu repo symlink yotchedwa `a` yoloza ku `.git`, komanso submodule yoti ikakhale pa `A/modules/x`. Git imaona ngati malo awiriwa ndi osiyana, pamene kompyuta ikuwaona ngati amodzi. Ikamatsitsa mafayilo a submodule, imaganiza kuti ikuwaika mu foda wamba, chonsecho ikuwaika mu `.git/modules/x`. Pakati pa mafayilowo pali hook ya `post-checkout`, ndipo Git imaiyendetsa clone isanathe n'komwe. Mwini kompyuta sanatsegule fayilo ngakhale imodzi, wangolemba `git clone --recursive` basi.

A Linux musadziyese otetezeka. CVE-2025-48384, ya mu Julaye 2025, inakhudza Linux ndi macOS, osati Windows. Inagwiritsa ntchito kachizindikiro kosaoneka ka carriage return kumapeto kwa njira ya submodule. Git imakalemba mu config, koma poiwerenganso imakataya, mwakuti mafayilo amakathera kwina kumene symlink yawalozera. Inatsekedwa mu 2.50.1 ndi m'nthambi zina zakale mpaka 2.43.7, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho bungwe la CISA, loona za chitetezo cha makompyuta ku United States, linaiika pa mndandanda wa zibowo zimene akathyali akuzigwiritsa ntchito kale.

Pa Windows lembani `git update-git-for-windows`. Pa macOS, Git yobwera ndi zida za Xcode imatsalira m'mbuyo, choncho ikani ya Homebrew ndi `brew install git`. Pa Ubuntu nambala ingakusokonezeni: 22.04 imaonetsa 2.34.1 ndipo 24.04 imaonetsa 2.43.0, koma akonzi a Ubuntu amamata zigamba pa Git yakaleyo osasintha nambala yaikulu. Chofunika n'chakuti `apt update` ndi `apt upgrade` zizichitika pafupipafupi. Musaiwalenso kuti mapulogalamu ena, monga GitHub Desktop, amanyamula Git yawoyawo, imene siisintha mukasintha ya pa terminal.

2. Zoika kamodzi kokha

```
git config --global safe.bareRepository explicit
git config --global transfer.fsckObjects true
```

Mzere woyamba, umene umagwira kuyambira Git 2.38, ukutseka chinyengo chimene ambiri sachidziwa. Git imakana kutenga foda yotchedwa `.git` kuchokera kwa mlendo, koma siikana foda ya dzina lina lililonse yokhala ndi `HEAD`, `objects`, `refs` ndi `config` m'kati. Foda yotero ndi repo yathunthu yobisala m'kati mwa inzake. Mukalowamo ndi `cd` n'kulemba lamulo la Git, config imene ikumveredwa ndi ya mbavayo. Mzere wachiwiri ukuuza Git kuti ifufuze zonse zimene ikulandira, kuphatikizapo `.gitmodules` (fayilo ya mndandanda wa ma submodule) yokhala ndi mayina kapena maulalo okayikitsa. Ma repo ena akale kwambiri amakanidwa nawo chifukwa cha tizolakwika topanda vuto. Zikatero werengani uthengawo kaye, ndipo ngati mwakhutira, masulani pa clone imodziyo yokha, osati pa kompyuta yonse.

Kenako lembani `git config --global credential.helper`. Ikayankha kuti `store`, ndiye kuti ma token anu, mawu achinsinsi olowera pa seva ngati GitHub, ali poyera mu `~/.git-credentials`, owerengeka ngati kalata. Sinthirani ku Git Credential Manager, kapena gwiritsani ntchito kiyi ya SSH yokhala ndi mawu achinsinsi. Ndipo Git ikadandaula za dubious ownership, musathamangire kuika `safe.directory` kukhala `*` monga ena amalangizira. Kuteroko ndi kuzula chitseko chimene chinaikidwa mu Epulo 2022 pofuna kuti Git isamamvere config ya foda ya munthu wina. Lembani dzina la foda imodzi imene mukuidziwa.

3. Ionereni patali kaye

Musanawononge bandulo yanu, tsegulani repo mu browser. Onani ngati dzina la mwini ndi lenileni, chifukwa akamberembere amasintha chilembo chimodzi pa dzina la pulojekiti yotchuka n'kukopera README yonse. Nyenyezi za pa GitHub zimagulidwa. Dzina la wolemba commit ndi tsiku lake aliyense angalembe zimene akufuna, ngakhale dzina la Linus Torvalds, pakuti Git siifunsa umboni. Chimene chimavuta kunamizira ndi moyo wa pulojekiti: anthu osiyanasiyana akukambirana pa ma issue kwa zaka, ma release otsatizana, ulalo wochokera pa tsamba lenileni la eni ake.

Pa GitHub mukadina batani la dontho, repo imatseguka mu editor ya mu browser, momwe mungawerenge ndi kufufuza code popanda kanthu kuyenda pa kompyuta yanu. Yatsani word wrap ndi Alt+Z. Njira ina yobisira code yoipa ndi kuika mipata mazanamazana pamzere, kuti mbali yoipayo ikakhale kutali kudzanja lamanja kumene maso safika.

4. Tengani, koma musatsitse mafayilo

```
GIT_LFS_SKIP_SMUDGE=1 git clone --no-checkout -c core.symlinks=false ULALO mlendo
cd mlendo
```

`ULALO` ndi ulalo wa repo, `mlendo` ndi dzina la foda yatsopano, ndipo `GIT_LFS_SKIP_SMUDGE=1` imaletsa chida cha Git LFS kutsitsa mafayilo akuluakulu. Palibe `--recursive` kapena `--recurse-submodules` pamenepa, ngakhale README itakuuzani kutero. `--no-checkout` ikutanthauza kuti mbiri yonse yafika koma palibe fayilo ya mlendo imene yaikidwa mu foda yogwirira ntchito. `core.symlinks=false` imasandutsa symlink iliyonse kukhala kafayilo wamba kolembedwa kumene imaloza. Ngati bandulo ndi yochepa, onjezani `--depth 1`. Mzerewu ndi wa bash, ndipo pa Windows ulembeni mu Git Bash.

Tsopano funsani Git kuti muli chiyani:

```
git ls-tree -r HEAD | grep -E '^(120000|160000)'
git show HEAD:.gitmodules | cat -v
git ls-tree -r -t --name-only HEAD | sort -f | uniq -di
git ls-tree -r --name-only HEAD | grep -E '(^|/)HEAD$'
```

Nambala 120000 ndi symlink, 160000 ndi submodule. Pa symlink iliyonse lembani `git show HEAD:dzina-lake` muone kumene ikuloza. Yoloza ku fayilo ina ya mu pulojekiti ilibe mlandu. Yoloza ku `.git`, ku `/home`, ku `/etc`, kapena yokwera ndi `../../` mpaka kutuluka mu pulojekiti, ilibe chifukwa chabwino chokhalira pamenepo.

Mu `.gitmodules` yang'anani ulalo woyamba ndi kamzere ka `-`, dzina lokhala ndi `../`, ndi `^M` (carriage return ija) pakati kapena kumapeto kwa njira imodzi yokha. Fayilo yonse ikakhala ndi `^M` kumapeto kwa mzere uliwonse, kawirikawiri inangolembedwa pa Windows. Lamulo lachitatu likutulutsa mayina osiyana kukula kwa zilembo kokha, ngati `A` ndi `a` aja. Lachinayi likusaka repo yobisala m'kati. Mapulojekiti ena okhudza Git yeniyeniyo amasunga ma repo otero poyesera code yawo, koma mu pulojekiti ya tsamba la sitolo kapena ya sukulu, akufunamo chiyani?

`ls-tree` ikapanda kutha, ikungotaya mayina mosalekeza, dinani Ctrl+C n'kufufuta fodayo. Pali ma repo a makilobayiti ochepa amene anapangidwa dala kuti akamasulidwa abale mafayilo mabiliyoni n'kudzaza disiki.

Zonse zikakhala bwino, lembani `git checkout main`, kapena `master` malinga ndi nthambi yake. Submodule iliyonse muitenge ngati mlendo watsopano: onani ulalo wake mu browser, kenako `git submodule update --init njira/yake`, imodziimodzi.

5. Flashi, zip ndi foda yotumizirana

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo kwathu kuno, kumene bandulo ndi yodula ndipo kukoperana pulojekiti pa flashi kapena kutumizirana zip pa WhatsApp ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, nkhaniyi ndi yaikulu kuposa zibowo zonse zija. Foda yokopera imabwera ndi `.git` yake yonse, ma hook ndi config zili momwemo. Chitetezo cha clone chija palibe. Mbava sifunika chibowo chilichonse, mizere iwiri iyi mu `.git/config` ndi yokwanira:

```
[core]
    fsmonitor = ./zida/konza.sh
```

`git status` yoyamba iyendetsa `konza.sh`. Mwina mukuti simulemba `git status`. Simufunika kulemba. Ngati terminal yanu imaonetsa dzina la nthambi ndi ngati pali zosintha, monga imachitira ya Oh My Zsh, ndiye kuti imafunsa Git yokha mukangolowa mu foda ndi `cd`. Ma editor ambiri amachitanso chimodzimodzi potsegula foda. Chitetezo cha `safe.directory` sichikuthandizani pano, chifukwa mukamasula zip kapena kukopera foda, mafayilo amakhala anu, ndipo Git imawakhulupirira.

Musalowemo. Werengani muli panja:

```
cat /njira/ya/pulojekiti/.git/config
ls /njira/ya/pulojekiti/.git/hooks
```

Mu config sakani `fsmonitor`, `pager`, `sshCommand`, `hooksPath`, `textconv`, magawo a `filter` ndi a `include`. Mu hooks, mafayilo othera ndi `.sample` sayenda, ena angathe kuyenda. Ngati mbiri simukuifuna, fufutani `.git` yonse. Ngati mukuifuna, chitani zimene malangizo a Git amanena: `git clone --no-local /njira/ya/pulojekiti yoyera`, n'kugwira ntchito mu `yoyera`, yakale ija n'kuifufuta.

Mnzanu wokupatsaniyo angakhale wosalakwa, iyenso anakopera kwa wina. Njira yabwino yopatsirana popanda intaneti ndi bundle ya Git, osati bandulo ya intaneti ija. Wopereka alembe `git bundle create pulojekiti.bundle --all`, wolandira alembe `git clone pulojekiti.bundle`. Fayilo imodzi, mbiri yonse, popanda hook kapena config. Zip yotsitsa ndi batani la Download ZIP pa GitHub ilibe `.git`, choncho vuto ili siliikhudza, ngakhale repo yobisala ija ingakhalemo.

6. Editor ikafunsa, yankhani kuti ayi

Kuyambira 2021 VS Code imafunsa ngati mukukhulupirira eni foda. Ambiri amadina inde osawerenga, ena mpaka kuchonga kabokosi kokhulupirira foda ya pamwamba, zomwe zimachititsa kuti repo iliyonse yodzaikidwa m'menemo ikhale yokhulupiriridwa kale. Sankhani Restricted Mode. Mapulogalamu a JetBrains ali ndi Safe Mode yofanana nayo. Muli m'menemo tsegulani `.vscode/tasks.json` n'kusaka `"runOn": "folderOpen"`, kutanthauza ntchito yoyenda foda ikangotseguka. Onaninso `.vscode/settings.json`, imene ingaloze editor ku pulogalamu ya mu repo momwemo m'malo mwa Python kapena linter yanu. Mu `.devcontainer/devcontainer.json` samalani ndi `initializeCommand`, pakuti imeneyo imayenda pa kompyuta yanu yeniyeni container (khola loyendetseramo mapulogalamu motalikirana ndi kompyuta yonse) isanayambe.

Izi zinachitikapo kwa akatswiri enieni. Mu Januwale 2021 gulu lofufuza za chitetezo la Google linaulula kuti akathyali ogwirizana ndi boma la North Korea ankapalana ubwenzi ndi ofufuza za chitetezo, n'kuwatumizira pulojekiti ya Visual Studio yoti agwirire limodzi. Lamulo loipa linali m'gawo la zoyenda pa nthawi ya build.

Ngati mumagwiritsa ntchito wothandizira wa AI amene amatha kuyendetsa malamulo pa terminal, musamutsegulire repo yachilendo ali ndi ufulu woyendetsa osakufunsani. Amawerenga README ndi mafayilo ena, ndipo mawu obisidwa m'menemo angamulamule.

7. Install ndi build ndi kuyendetsa code

`npm install` imayendetsa `preinstall`, `install` ndi `postinstall` za pulojekitiyo ndi za ma package onse amene ikukoka. `pip install` ya code yosamangidwa kale imayendetsa `setup.py` kapena chida chomangira chimene mwini wasankha. `cargo build` imayendetsa `build.rs`. Makefile ndi mafayilo a Gradle ndi mapulogalamu paokha. Mungachepetse ndi `npm install --ignore-scripts`, `pip install --only-binary :all:` kapena `composer install --no-scripts --no-plugins`, koma mukadzalemba `npm start` kapena `npm test`, zonse zili m'manja mwa mwini code.

Mu Novembala 2023 ofufuza a Unit 42 a kampani ya Palo Alto Networks anafotokoza chinyengo chimene anachitcha Contagious Interview. Wofuna ntchito amaitanidwa ku mayeso a pa intaneti, amapatsidwa repo yooneka yaukhondo, n'kuuzidwa kuti aiyendetse ndi kukonza kachinthu kena. M'kati muli pulogalamu yotchedwa BeaverTail, imene imaba zosungidwa mu browser ndi zikwama za ndalama za crypto, n'kukokanso inzake yotchedwa InvisibleFerret yotsegulira mbava khomo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aliyense wosaka ntchito ya kunja ali ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg angakumane nazo, ndipo wolemba ntchito akamakufulumizitsani kuti muyendetse pompopompo ali pafoni, kapena akakana kuti muyendetsere mu container, kayikirani kwambiri.

Kuwerenga code kumathandiza koma sikukwanira. Pulojekiti wamba ya JavaScript imakoka ma package mazana, ndipo palibe angawawerenge onse. Ndiye yendetserani m'khola, mu container ya pulogalamu ya Docker:

```
docker run -it --name mlendo node:22 bash
```

Pangani clone ndi install m'kati mwa container momwemo. Mukatha, pa terminal ina lembani `docker network disconnect bridge mlendo`, kuti chilichonse choyenda chisathe kulankhula ndi kunja, kenako yendetsani. Pomaliza `docker rm -f mlendo`. Image imeneyi ndi ya mamegabayiti mazana angapo, choncho itsitseni kamodzi pamene pali Wi-Fi.

Cholakwika chofala ndi kulumikiza foda ya repo ya pa kompyuta yanu ku container ndi `-v`. Code ya m'kati ingalembe mu `.git/config` kapena `.git/hooks` ya fodayo, ndipo mukatuluka n'kulemba `git status` panja, yakupezani. Musalumikize `~/.ssh`, foda yanu ya home, kapena `/var/run/docker.sock`, ndipo musaike `--privileged`. `docker-compose.yml` yobwera ndi repo muiwerenge gawo la `volumes` musanaiyendetse, chifukwa ingadzilumikizire yokha zonsezi.

Khola lolimba kuposa container ndi virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yoyenda m'kati mwa kompyuta yanu. Mu VirtualBox zimitsani shared folders ndi shared clipboard, jambulani snapshot musanayambe, n'kubwererako mukatha. Windows Sandbox imapezeka pa Windows ya Pro, Enterprise ndi Education, osati Home, ndipo imafufuta zonse mukaitseka. Ngati laputopu ndi yofooka moti singakwanitse zimenezi, tsegulani akaunti ina pa kompyutapo yopanda ufulu wa admin, yopanda makiyi, yopanda browser yolowa mu imelo yanu. Silimba ngati zinazo, koma imachotsa patebulo zinthu zimene mbava imayamba kusaka.

8. Ngati mwayendetsa kale

Kufufuta foda sikuthetsa kanthu, pakuti zobedwa zimatumizidwa m'masekondi ochepa. Dulani intaneti pa kompyutayo nthawi yomweyo. Zotsatirazi chitirani pa chipangizo china, ngakhale foni.

Yambani ndi imelo, chifukwa ndi imene imatsegula maakaunti ena onse: sinthani pasiwedi, tulutsani zipangizo zonse zolowamo, onani ngati sipanaikidwe lamulo lotumiza makalata anu kwina. Kutulutsa zipangizo n'kofunika chifukwa mbava yokhala ndi ma cookie anu imalowa popanda pasiwedi kapena nambala ya pafoni. Pa GitHub kapena GitLab fufutani makiyi a SSH ndi ma token onse n'kupanga atsopano, ndipo onani ngati sipanaonjezedwe kiyi kapena app imene simukuidziwa. Chitani chimodzimodzi ndi zonse zimene zinali mu `~/.npmrc`, `~/.aws/credentials` ndi mafayilo a `.env` a mapulojekiti anu ena, kuphatikizapo makiyi a njira zolipirira ndi mapasiwedi a database za makasitomala. Ngati munali ndi chikwama cha crypto pa browser, samutsirani ndalama ku chikwama chatsopano chopangidwa pa chipangizo choyera. Ngati kiyi yanu ya SSH imalowa pa seva iliyonse, ichotseni mu `authorized_keys` ya sevayo ndipo onani ngati simunalowe ina yachilendo.

Uzani abwana anu kapena kasitomala tsiku lomwelo, kuti aone ma commit ndi ma release amene apangidwa m'dzina lanu kuchokera pa ola limene munayendetsa code ija. Kenako sungani zikalata ndi zithunzi zokha, fufutani disiki, n'kuika operating system mwatsopano. Ma repo anu muwatengenso ndi clone kuchokera pa seva, musawakopere kuchokera pa disiki yakaleyo, chifukwa `.git` yawo ingakhale itasinthidwa. Ntchito imene munali musanaikankhire ku seva muitulutse ngati mafayilo wamba, opanda `.git`, n'kuifanizira ndi `git diff` mu clone yatsopano musanapange commit.